Sizasi ya mu 1927: amene anadula filimu ya Metropolis, komanso amene anasenza mlandu wake

Masiku ano pa Facebook ndi pa WhatsApp pakuyenda chithunzi cha loboti yachikazi itakhala pampando, mikombero ya kuwala ikukwera ndi kutsika mozungulira thupi lake. Pansi pake amalembapo kuti filimu imeneyi ndi yakalekale koma inalosera za chaka cha 2026. Chithunzicho n'cha mu Metropolis, filimu yopanda mawu ya ku Germany, imene inaonetsedwa koyamba mumzinda wa Berlin pa 10 Januwale 1927, ndipo tsiku lokwanitsa zaka 100 ndi pa 10 Januwale 2027. Koma za 2026 zo, m'filimu yeniyeniyo mulibe chaka chilichonse chotchulidwa. Chakacho chinamera mizu mu 1984, pamene katswiri wa nyimbo Giorgio Moroder anaitulutsanso ataifupikitsa, ataithira mitundu ndi nyimbo za Freddie Mercury ndi anzake, n'kulemba kumayambiriro kwake kuti nkhaniyi ikuchitika mu 2026.

Amene chithunzicho chamukopa n'kupita pa intaneti kukaifuna amakumana ndi chozunguza mutu china. Kuyambira pa 1 Januwale 2023 filimuyi ilibenso mwini ku America, choncho aliyense amangoika yake. Ina imatha pa ola limodzi ndi theka, ina imadutsa maola awiri, ina mayina a anthu ake ndi osiyana. Ndipo m'munsi mwake mumapezeka ndithu wina wobwereza chiweruzo chimene chakhala chikunenedwa kuyambira 1927, chakuti zithunzi zake n'zodabwitsa koma nkhani yake ndi yachibwana. Chiweruzochi chili ndi mchira wake. Zithunzizo amati n'za Fritz Lang, amene anatsogolera ntchito yojambula. Nkhaniyo amati ndi ya mkazi wake, Thea von Harbou. Ulemu wonse kwa bambo, manyazi onse kwa mayi. Mlandu suwola, ndipo uwu ndi woyenera kuutsegulanso, chifukwa kwa zaka zoposa 80 oweruzawo ankaweruza nkhani imene sanaione yonse.

Nkhani yake mwachidule ndi iyi. Pali mzinda wa nyumba zazitali zokanda mitambo, umene olemera amakhala pamwamba, pamene antchito amakhala pansi pa nthaka n'kumayendetsa makina maola khumi osapuma. Mwini mzinda ndi Joh Fredersen. Mwana wake, Freder, akopeka ndi mtsikana wa kwa antchito dzina lake Maria, amene amalalikira anzake kuti adekhe, mkhalapakati akubwera. Ndiye pali wasayansi wa mkono wachitsulo, Rotwang, amene apanga loboti n'kuipatsa nkhope ya Maria kuti ikasokoneze antchitowo.

Lang ankakonda kunena kuti mzinda umenewu unabadwa m'mutu mwake mu Okutobala 1924, ali m'sitima ya pamadzi padoko la New York, akuyang'ana magetsi ndi nyumba zosanja usiku. Ulendowo unachitikadi, ndipo palibe chifukwa chokanira kuti zimene anaonazo zinalowa m'zithunzi zake. Koma ofufuza mbiri ya mafilimu anapeza kuti miyezi ingapo ulendowo usanachitike, nyuzipepala zinali zitalengeza kale za filimuyi ndipo von Harbou anali ali mkati molemba. Ndikutchula izi msanga chifukwa si komaliza kuti tikumane ndi Lang akukonza mbiri kuti imukomere.

Kujambula kunayamba pa 22 Meyi 1925 ku Babelsberg, pafupi ndi Berlin, ndipo kunatha pa 30 Okutobala 1926. Kampani ya UFA, imene inkapanga filimuyi, inali itakonza ndalama pafupifupi 1.5 miliyoni za Reichsmark, ndalama ya ku Germany ya nthawiyo, koma zinakathera pa 5 miliyoni ndi kanthu, ndipo Erich Pommer, amene ankayang'anira za kapangidwe ka mafilimu pakampanipo, anachoka ntchito ili mkati. Manambala otchuka aja, akuti anthu odzaza magulu analipo oposa 36,000, anachokera kwa otsatsa malonda a UFA eni ake, ndiye ndi oyenera kuwamva ndi khutu limodzi. Zimene zili ndi mboni zambiri ndi mavuto a anthuwo. Ana pafupifupi 500 ochokera m'madera osaukitsitsa a Berlin anakhala milungu iwiri akulowa ndi kutuluka m'madzi ozizira pojambula chigumula cha mzinda wa antchito. Amuna pafupifupi 1,000 anametedwa mpala kuti akoke miyala ya nsanja ya Babele, ndipo kamera inawajambula mobwerezabwereza palamba mmodzi wa filimu kuti aoneke ngati khamu losawerengeka. Ntchito zinali zosowa mu Berlin, ndipo ovomera kumetedwa chifukwa cha ndalama ya tsiku limodzi sanasowe.

Amene anazunzika koposa ndi Brigitte Helm, mtsikana amene anali asanasewerepo m'filimu ina iliyonse, koma anapatsidwa mbali ziwiri, Maria woyera mtima ndi Maria wabodza. Loboti ya pachithunzi chija si chidole. Mkati mwake muli iyeyo. Wosema Walter Schulze-Mittendorff anayamba waumba chikombole cha thupi lake ataimirira, kenako n'kupanga chovalacho ndi phala lina louma gwa ngati thabwa, n'kulipaka utoto wonyezimira ngati chitsulo. Tsoka lake, pojambula anafunika kukhala pansi, ndipo m'mphepete mwa chovalacho munkamucheka ndi kumusupula. Pofika powotcha Maria wabodza, Lang anakakamira moto weniweni, mpaka chovala cha mtsikanayo chinagwira moto. Gustav Fröhlich, amene anasewera Freder, anayamba ngati mmodzi wa antchito a m'gulu, ndipo von Harbou ndiye anamuona n'kuuza mwamuna wake kuti amuyese. Chodabwitsa china cha pabwalopo n'chakuti Rudolf Klein-Rogge, amene anasewera Rotwang, anali mwamuna woyamba wa von Harbou. Munthu amene mkazi wake anapita kwa Lang ankasewera mbali ya munthu amene mkazi wake anapita kwa mwini mzinda. Mfundo imeneyi muisunge.

Za luso la makamera ndingokhudzako pang'ono, chifukwa ndi mbali imene aliyense amaiyamikira kale. Eugen Schüfftan ankaika galasi mopendeketsa patsogolo pa kamera kuti lionetse kanyumba kakang'ono kopanga, n'kupala siliva wa galasilo pamalo amene anthu enieni ayenera kuonekera. Motero munthu wamoyo ankaoneka akuyenda pansi pa nyumba imene kutalika kwake sikunafike ndi m'chiuno mwake momwe. Timagalimoto ta m'misewu ya m'mwamba ankatisuntha ndi manja pang'onopang'ono, chithunzi chimodzichimodzi, masiku ambirimbiri kuti papezeke masekondi ochepa.

Pamene zinthu zinakhotera ndi mu Disembala 1925, kujambula kusanathe n'komwe. UFA inali itamira m'ngongole, ndipo inalandira ngongole ina ya madola 4 miliyoni kuchokera ku makampani awiri a ku America, Paramount ndi MGM. Panganolo limatchedwa Parufamet. Wokongoza ndalama sabwerera chimanjamanja. Anthu a ku America anapeza mphamvu pa kagulitsidwe ka mafilimu a UFA kwawoko, kuphatikizapo ufulu wowasintha kuti agwirizane ndi anthu awo.

Filimu imene inaonetsedwa m'holo ya mafilimu ya Ufa-Palast am Zoo ku Berlin usiku wa pa 10 Januwale 1927, oimba akuimba nyimbo zimene Gottfried Huppertz anaipekera, inali ndi lamba wotalika mamita 4,189, kutanthauza maola awiri ndi theka. A Paramount anaona kuti yatalikitsa. Anaipereka kwa wolemba masewero wa ku America, Channing Pollock, kuti aidule ndi kulembanso mawu oonekera pakati pa zithunzi. M'filimu yopanda mawu, wogwira mawu olembedwawo wagwira nkhani yonse. Amene tinaonerapo mafilimu akunja omasuliridwa m'Chichewa m'timanyumba ta vidiyo tikudziwa mmene womasulira angasandutsire mdani kukhala bwenzi zithunzi zili zomwezo. Pollock anachita zoposa pamenepo, chifukwa analinso ndi sizasi. Anachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Joh Fredersen anasanduka John Masterman. Ndipo anachotsa mkazi mmodzi amene saoneka n'komwe wamoyo m'filimumo, koma amene nkhani yonse yatsamira pa iye.

Dzina lake ndi Hel. M'nkhani ya von Harbou, Rotwang ankakonda Hel, koma Hel anamusiya n'kukwatiwa ndi Fredersen, ndipo anamwalira pobereka Freder. M'nyumba ya Rotwang, kuseri kwa nsalu, muli chosema chachikulu cha mutu wa mayiyu, dzina lake litalembedwa pamwala. Fredersen atsegula nsaluyo, aima n'kumayang'ana nkhope ya mkazi wake, ndipo Rotwang amugwera ndi mkwiyo. Loboti ija Rotwang sanaipangire fakitale. Anaipanga kuti Hel abwerere, ndipo mkono wake unathera pa ntchito imeneyo. Pamene Fredersen amuuza kuti aipatse nkhope ya Maria, iye avomera pakamwa pokha, mumtima atapeza mpata wogwetsa mdani wake, mzinda wake, ndi mwana amene kubadwa kwake kunapha mkazi uja.

Chifukwa chimene anachotsera zonsezi chinalembedwa poyera. Mu Malichi 1927, nyuzipepala ya New York Times inasindikiza nkhani yoikira kumbuyo kudulako, ndipo inafotokoza kuti dzina loti Hel likufanana ndi liwu la Chingerezi lotanthauza gehena, choncho oonerera akanaphulika ndi phwete ataliona pamwala. Popeza dzinalo linali lojambulidwa pachosemacho, sakanangosintha mawu. Anachotsa chithunzi chonse, ndipo pochotsa icho anayenera kuzula chilichonse cholozera kwa mayiyo. Pollock mwiniwake, m'buku la mbiri ya moyo wake, sanabise kunyadira kwake kuti filimuyo anaipatsa tanthauzo lake iye.

Tsono taganizani zimene zinatsala. Wasayansi wa tsitsi losapesa akuwononga mzinda popanda chifukwa. Bambo wolemera wouma mtima popanda bala lililonse lom'umitsa. Kumapeto Rotwang akuthamangitsa Maria mpaka padenga la tchalitchi, ndipo woonerera sangadziwe kuti mutu wasokonekera ndipo akuona ngati ndi Hel wake. Anachotsanso ulendo wa Georgy, wantchito nambala 11811, amene asinthana zovala ndi Freder, akwera galimoto koyamba, apeza ndalama m'thumba, n'kukathera ku Yoshiwara, nyumba ya zisangalalo za usiku, m'malo mopita kumene anatumidwa. Kazitape wowonda wa Fredersen, amene Fritz Rasp anasewera, anangotsala mthunzi wodutsa.

Zikanathera ku America, bwenzi nkhani ili ina. Koma ku Berlin nako filimuyi sinagule. Inaonetsedwa miyezi yochepa m'holo imodzi, anthu osadzaza. Nthawi yomweyo UFA inagwa m'manja mwa Alfred Hugenberg, mwini nyuzipepala zambiri komanso wandale wokonda dziko lake monyanyira, amene pambuyo pake anakhala nduna m'boma loyamba la Hitler. Akuluakulu atsopanowa analamula kuti filimuyi ichotsedwe, idulidwe motsanzira ya ku America, ndipo mawu onunkha chikomyunizimu ndi ena a chipembedzo achoke. Mu Ogasiti 1927 inatulukanso ili mamita 3,241. Zidutswa zodulidwazo palibe anazisamala. Apa m'pamene kalondolondo wa zikalata amathera, ndipo kwa zaka 80 aliyense anavomereza kuti madzi akatayika saoleka.

H. G. Wells, wolemba nkhani za sayansi wotchuka wa ku England, analemba mu Epulo 1927 kuti sanaonepo filimu yopusa kuposa iyi, ndipo mawu akewo amabwerezedwa mpaka lero. Koma m'nkhani yakeyo mwini mzinda akum'tchula kuti Masterman, kusonyeza kuti imene anaona ndi yodulidwa. Apa ndiyenera kunena chilungamo cha mbali inayo. Olemba nyuzipepala a ku Berlin anaona yathunthu, ndipo ambiri a iwo nawonso anaidandaula nkhaniyo, makamaka mathero ake, pamene kapitawo wa antchito agwirana chanza ndi mwini mzinda pakhomo la tchalitchi, ndi mawu akuti mkhalapakati wa mutu ndi manja ayenera kukhala mtima. Matherowo Pollock sanawapeke. Ndi a von Harbou, ndipo ngofooka. Anthu amene ana awo atsala pang'ono kumira sangakhutire ndi chanza.

Funso n'lakuti kufookako n'kwa yani. Atakalamba ku America, Lang anauza wopanga mafilimu wa kumeneko, Peter Bogdanovich, kuti mfundo ya mtimayo inali nthano chabe, kuti inali ya von Harbou, ngakhale anavomera kuti theka la mlandu ndi lake popeza anaijambula ndi iye. Kuvomerako kumaiwalika, chimene chimakumbukika ndi chala cholozacho. Ndipo chalacho chinapeza pogwira, chifukwa banja lawo linatha mu 1933, Lang n'kuchoka m'dzikomo, pamene von Harbou anatsala, analowa chipani cha Nazi, n'kupitiriza kulemba mafilimu mu ulamuliro wa Hitler. Olemba mbiri amasiyana pa chaka chimene analowera chipanicho, koma kulowako palibe amakutsutsa, ndipo ine sindikufuna kukuchepetsa. Wolemba za mafilimu Siegfried Kracauer, m'buku lake la mu 1947, anafika ponena kuti mathero a filimuyi akugwirizana ndi zimene Joseph Goebbels, nduna ya Hitler yofalitsa mfundo za chipani cha Nazi, ankalalikira.

Komabe mboni yaikulu pa mlanduwu ndi Lang, ndipo mboniyi ili ndi mbiri yake. Ankasimba kuti Joseph Goebbels anamuitana mu 1933 n'kumupempha kuti atsogolere mafilimu onse a Germany, ndipo iye, maso ali pa wotchi kuopa kuti mabanki atsekedwa, anathawira ku Paris usiku womwewo wopanda ndalama. Pasipoti yake itaunikidwa iye atamwalira, zidindo zinaonetsa kuti anatuluka ndi kulowa m'dzikomo kangapo m'miyezi yotsatira, ndipo anachokeratu pa 31 Julayi 1933. M'mabuku amene Goebbels ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, kukumanako mulibe. Izi sizitanthauza kuti Lang analibe chifukwa choopera, pakuti mayi ake anabadwa Myuda. Zikungotanthauza kuti iye anakhala ndi zaka zambiri, mpaka 1976, zosimba mbali yake kwa atolankhani omulemekeza. Von Harbou anamwalira mu 1954, atagwa potuluka m'holo ya mafilimu ku Berlin kumene ankaonetsa filimu ina yakale imene anapanga ndi Lang, ndipo panalibe amene ankamufunsa kanthu. Erich Kettelhut, mmodzi wa omanga mzinda wa m'filimumo, anam'kumbukira mayiyu akusenda mbatata ndi amayi ena kuti ogwira ntchito adye m'zaka za umphawi zija. Izi sizifafaniza za chipani. Zimangotikumbutsa kuti pabwalo pamene wina ankalamula moto weniweni, panalinso wina woganiza za mphika.

Zaka za pakatipa zinali za osoka zigamba. Akatswiri a ku East Germany, kenako katswiri wina, Enno Patalas, ku Munich, kenako bungwe losamala mafilimu akale la Murnau mu 2001, anatolera zidutswa m'maiko osiyanasiyana, motsogozedwa ndi makadi a ofesi younika mafilimu, amene anasunga mawu onse oyambirira, ndi mapepala a nyimbo za Huppertz, amene ankasonyeza chotsatira chilichonse. Mu 2001 UNESCO inailemba m'kaundula wake wa zinthu zosayenera kuiwalika, filimu yoyamba kulowamo. Koma za Hel zinali mawu chabe pa sikirini yakuda.

Chipulumutso chinachokera kumene palibe ankayang'anako. Kumayambiriro kwa 1927, wogulitsa mafilimu wa ku Argentina, Adolfo Wilson, anagula kope ku Berlin sizasi isanafike, n'kupita nayo ku Buenos Aires. Mwalamulo ikanayenera kuwonongedwa ikatha kuonetsedwa, koma inakathera kwa wosunga mafilimu wina, Manuel Peña Rodríguez. Iye anagulitsa chuma chakecho ku bungwe la boma la zaluso. M'zaka za m'ma 1970, poopa kuti lamba wakale wa nitrate sachedwa kugwira moto, anaikopera pa lamba wamng'ono wa 16mm osayamba aitsuka, fumbi ndi mikwingwirima zonse n'kulowa m'kope yatsopanoyo. Mu 1992 zitini za filimuyo zinasamukira ku Museo del Cine, nyumba yosungira zakale za mafilimu ku Buenos Aires.

Amene anazinunkhiza ndi wofufuza mafilimu akale Fernando Martín Peña, ndipo chinam'tsogolera ndi chala cha munthu. Mu 1988 mkulu wina wa kalabu ya mafilimu, Salvador Sammaritano, anam'simbira kuti kalekale anaonetsapo Metropolis ya Peña Rodríguez, lamba wake atafota moti ankanjenjemera m'makina, ndipo iye anachita kum'panikiza ndi chala kwa maola awiri ndi theka mpaka chalacho chinachita dzanzi. Fernando, amene anali mnyamata nthawiyo, anawerengera. Metropolis imene dziko linkaidziwa sinkafika pamenepo. Anapempha kuti aone zitinizo, anakanizidwa, ndipo anadikira zaka 20. Mu 2008 Paula Félix-Didier atakhala mkulu wa Museo del Cine, anam'tsegulira chitseko, ndipo sipanatenge nthawi kuti aone palambapo zithunzi zimene anangoziwerenga m'mabuku. Mayiyu ananyamula kope n'kupita nayo yekha ku Germany, chifukwa akatswiri kumeneko anali atamvapo mphekesera zotere kambirimbiri. Mu Julayi 2008 nyuzipepala ya ku Germany ya Die Zeit inalengeza kuti kopeyo yapezeka. Mphindi pafupifupi 25 zinabwerera, ndipo pa 12 Febuluwale 2010 filimuyo inaonetsedwa ku Berlin ndi ku Frankfurt, ena akuionera panja, pa chipata chotchuka cha Brandenburg Gate ku Berlin, m'chisanu.

Mukaipeza ya 2010 imeneyi, yotalika mphindi pafupifupi 148, simudzafunika wokuuzani pamene pali zochokera ku Buenos Aires. Chithunzi choyera bwino chimasintha mwadzidzidzi, chimachepa, m'mphepete muli mdima, ndipo mizere imatsika ngati mvula ya mpepera pawindo. Ine nditafika pamene nsalu ikutseguka, mutu wa Hel n'kuonekera kuseri kwa mvula imeneyo, ndinabwezera m'mbuyo katatu. Alfred Abel, amene anasewera Fredersen, waima chilili, ndipo nkhope imene ndinkaiyesa ya munthu wopanda mtima inali ya wamasiye. Chigumula nachonso chinatalika. Ana aja akwera makwerero mpaka pamwamba, apeza zitsulo zotsekera, akankhana kumbuyo madzi akukwera, ndipo mantha amene milungu iwiri ya m'madzi ozizira inagula amaoneka onse.

Mphindi pafupifupi zisanu zikusowabe, chifukwa malo awiri a lamba wa ku Argentina anali owonongeka kosatheka kukonza. Pena ndi pamene wansembe akulalikira m'tchalitchi za chimaliziro. Penapo ndi pamene Fredersen, atabisala, amva Rotwang akuuza Maria chiwembu chake chonse, ndipo amuna awiri a Hel agwirana pakhosi, Maria n'kupeza mpata wothawa. Pamenepo sikirini imada, pamabwera mizere yochepa yofotokoza zimene zikanaoneka, nyimbo ya Huppertz ikupitirirabe.